Tauni ya a Zamfira

Kwathu ku Nucani, kumpoto kwa Romania, munthu akafuna kuyamikira mwana wofatsa ankati, "Uyu watengera a Zamfira." Ine ndinakulira mpanda umodzi ndi mayi amenewa. Amuna awo, a Ilarie, anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Viorel, adakali kusukulu, ndipo kuyambira pamenepo a Zamfira anangokhala ndi mpango wakuda kumutu, ng'ombe imodzi ndi atsekwe awo.

Atsekwewo ndiwo anawadziwitsa. M'mawa uliwonse ankawatsogolera kutsika nawo msewu waukulu mpaka kumtsinje, ngolo ndi magalimoto zikudikira kuti adutse. Nthenga zake ankapangira mapilo, moti panalibe mtsikana wa ku Nucani amene analowa m'banja popanda pilo wa a Zamfira. Kumisonkhano sankalankhula. Kutchalitchi ankaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Viorel yekha sanatengere amake. Anali wamtali, wapakamwa, woti akalowa m'shopu onse ankadziwa kuti wafika. Anakwatira Mirela, mtsikana wa mumzinda wa Suceava, ndipo anthu atayamba kukhamukira ku Italiya, iwonso anapita. Zaka zoyambirira ankabwera mwezi wa Ogasiti uliwonse pagalimoto yanambala zakunja, ataidzaza khofi ndi sopo wonunkhira. Ankatiuza za mzinda wa Torino, kuti ndi kumene amakhala, kuti kumeneko ngakhale agalu ali ndi dokotala wawo. Kenaka chaka china sanabwere. Chotsatira chakenso, zii.

Foni inali kwathu, choncho Lamulungu lililonse masana a Zamfira ankabwera kudzadikira kuti mwana wawo aimbe. Tsiku lina atatha kulankhula anakhalabe pampando, manja ali pamawondo.

"Anica," anandiitana, "akuti Mirela wakana."

"Wakana chiyani, amayi?"

"Kubwera. Akuti iye ndi mwana wa m'tauni, matope athuwa ndi chimbudzi chapanja sangazithenso. Viorel akuti Nucani ikadzakhala tauni, adzabwera kudzakhaliratu."

Ine ndinaseka. "Ndiye kuti akukuuzani kuti sabwera, amayi. Nucani tauni? Ndi mbuzi zomwezi?"

Iwo sanaseke. Anamanga bwino mpango wawo n'kutuluka.

Sipanapite nthawi yaitali, nkhani inamveka kuti a Meya athu, a Haralambie, akufuna kuti Nucani ikhale tauni. Nthawi imeneyo dziko lathu linkakonzekera kulowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya, ndipo midzi ikuluikulu yambiri inkasintha n'kukhala matauni. A Haralambie anali munthu wanthabwala, kale ankayendetsa thirakitala, ndipo aliyense ankadziwa kuti meya wa tauni amalemekezeka kuposa meya wa mudzi. Anaitanitsa msonkhano kuholo, anthu n'kudzaza mpaka m'mawindo.

"Abale anga," anayamba a Meya, "tauni imakhala ndi phula. Imakhala ndi madzi a m'mipope ndi magetsi a mumsewu. Ambulansi imagona pomwepo, osati kuchita kuchokera kutali munthu atazizira kale. Banki ibwera, ana athu sadzayendanso ulendo wa basi kukaphunzira kusekondale. Amene akufuna kutsegula fakitale safunsa za mudzi, amafunsa za tauni."

A Toader, amene ankaweta nkhumba ndi kutcheza kachasu wa zipatso za maplamu, anaimirira chipewa chili kumutu.

"Haralambie, ine ndi iwe tinkaba limodzi mapeyala a ansembe, usandinamize. Tauni imakhalanso ndi msonkho wa tauni. Mawa udzandiuza kuti nkhumba zanga zikununkhitsa mzinda wako."

Aphunzitsi nawo anadandaula kuti kandalama kamene amalandira chifukwa chophunzitsa kumudzi kadzatha. Wina anafunsa za ngolo za mahatchi. Zinthu zinkaoneka kuti zikuwathawa a Meya, thukuta lili kamukamu.

Apo ndi pamene mpando unalira kumbuyo. Titacheuka tinaona a Zamfira ataimirira. Mayi wina pafupi nane anachita chizindikiro cha mtanda ngati waona mzukwa.

"Ine za malamulo sindizidziwa," anatero a Zamfira. "Koma tayang'anani m'holo muno. Tsitsi lakuda lili kuti? Ana tinabereka ife, koma akusamalira nkhalamba za ku Italiya ndi ku Sipeini. Ukawafunsa kuti mubwera liti, akuti kumudziko kuli chiyani. Ngati chikuwaletsa ndi dzina loti mudzi, tiyeni tisinthe dzinalo ana abwere."

"Mayi a Viorel," anatero a Toader, "nkhumba ngakhale muiveke tayi ndi nkhumbabe."

Anthu anaseka. A Zamfira anadikira kuti phokoso lithe.

"Inu tayi munavala paukwati wanu, a Toader, ndipo mkazi munamupeza."

Holo yonse inagwa nacho chiseko, mpaka akazi a a Toader omwe ankapukuta misozi. Koma pobwerera anthu sankakamba za nthabwalayo. Ankangofunsana kuti, "Kodi aja analidi a Zamfira?"

Chodabwitsa chinali chisanathe. Kuyambira m'mawa mwake, akasiya atsekwe kumtsinje ankayamba kugogoda m'makomo. Anayenda Nucani yonse ndi timidzi tozungulira, pamatope, pachipale chofewa, nsapato zamphira zili kuphazi. Sankadziwa kukopa anthu. Ankangokhala pansi n'kufunsa kuti, "Wanu uja ali kuti? Anabwera liti komaliza?" Ndipo pafupifupi khomo lililonse linali ndi wake. Anthu anawamvera chifukwa moyo wawo wonse mayiwa anali asanapemphepo kanthu kwa munthu, ngakhale mchere.

Voti yoti Nucani ikhale tauni inachitika ndipo inadutsa. Panafika kalata yaboma, panabwera oimba malipenga, chikwangwani cha pamalire chinasinthidwa, ndipo a Meya anapsompsona dzanja la a Zamfira pamaso pa anthu onse. Lamulungu lotsatira anauza mwana wawo pafoni kuti, "Viorel, zatheka. Tsopano ndi tauni. Umuuze Mirela." Atabweza foni anandiyang'ana modabwa.

"Wangokhala chete. Kenaka akuti mawu sakumveka bwino."

Zimene a Toader ananena zinayamba kufika phula lisanafike. Msonkho wa nyumba ndi wa malo unakwera. Aphunzitsi awiri anasamuka. Khonsolo yatsopano inalamula kuti ziweto zisamayendenso mumsewu waukulu, ndipo wophwanya lamulo alipira chindapusa. Tonse tinkadziwa kuti a Zamfira palibe angawakhudze. A Meya enieniwo anali atanena kuti atsekwe a mayiwa iwo sawaona.

Koma tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinasuzumira pampanda. Bwalo lonse linali mbee ndi nthenga, mabeseni ali ndandanda, magazi akuyenderera m'ngalande. A Zamfira anali atakhala pachitsa, mpeni uli m'manja.

"Amayi, mwatani?"

"M'tauni simuyenda atsekwe."

"Onse? Bwanji osangowatsekera m'khola?"

"Tsekwe wosapita kumadzi si tsekwe. Ndiponso ndine ndinayenda m'makomo. Ndikhale ine woyamba kuphwanya lamulo?" Anapukuta mpeni paepuloni. "Tenga awiri ukaphikire ana."

Nyamayo anaigawa mumsewu wathu wonse, ndipo ambiri tinaidya mwachisoni. Ng'ombe nayo anaigulitsa, n'kuitana amisiri kuti amange bafa ndi chimbudzi cha madzi m'nyumba, zamatailosi obiriwira. Madzi a m'mipope anali asanafike. Iwo anapitiriza kupita kuchimbudzi chawo chakale kuseri kwa munda, chatsopanocho n'kuchitseka kuti Mirela adzachipeze chosagwiritsidwa ntchito.

Anthu amene ankawalandira m'makomo aja anayamba kuwatembenukira. Kushopu a Toader akawaona ankati, "Taonani, eni tauni afika. Amayi, phula lathu lija mwalisunga kuti?" Ena anasiya kuwapatsa moni. Usiku wina munthu anapaka matope pageti lawo. Iwo anangotunga madzi n'kutsuka.

Ogasiti anafika, magalimoto anambala zakunja anadzaza msewu, maukwati anachitika. Viorel sanabwere. Anati bwana wake wamukaniza tchuthi. Mafoni a Lamulungu anayamba kudumphadumpha.

Titatha kukolola maplamu, inenso ndinali paulendo. Msuweni wanga anali atandipezera ntchito yosamalira gogo wina kufupi ndi Torino. Tsiku lonyamuka, nditafika pamene minibasi imaima, ndinapeza a Zamfira ali kale pomwepo, atavala jasi lawo lakutchalitchi, chikwama chili pambali ndi botolo lalikulu la kabichi wowawasa.

"Mwabweretsa katundu wa Viorel?" ndinafunsa.

"Katundu wake ndine."

Dalaivala wathu, Sandu, ndiye ankanyamula katundu wa anthu onse a kwathu okhala ku Italiya. Atamva zimenezi anasiya kumanga chingwe.

"Viorel akudziwa kuti mukubwera, amayi?"

"Mayi amachita kupempha chilolezo? Iwe ukudziwa kumene amakhala, si choncho?"

"Katundu wanu ndimasiya pashopu ya m'munsi mwa phiri. Amadzatenga ndi mkazi wake."

"Phiri lanji? Ku Torino?"

Sandu anayang'ana matayala ake. "Kwerani, amayi. Ulendo ndi wautali."

Ulendowo unalidi wautali. A Zamfira anali asanatulukepo m'dziko, koma sanayang'ane kunja n'komwe. Anangofungatira botolo lawo. Titafika ku Torino, Sandu anatsitsa anthu mmodzimmodzi. Ine ndinamupempha kuti anditsitse pomaliza, chifukwa mtima wanga sunali m'malo. A Zamfira ankati tikaima panyumba yosanja iliyonse ankakonza mpango. Koma minibasi inatuluka mumzinda, n'kudutsa minda, n'kuyamba kukwera.

Msewu unkacheperachepera. Tinadutsa nyumba zamiyala zotseka mawindo, zina denga litagwa. Tinadutsa kashopu kaja, Sandu osaima. Kenaka phula linatha, tinayamba kugwedezeka pamiyala.

"Sandu, wasochera," anatero a Zamfira.

"Sindinasochere, amayi."

Tinaima masana dzuwa litapendeka, pakamudzi kokhala ndi nyumba zosakwana n'komwe za mumsewu wathu umodzi. Tchalitchi chake chinali chokhoma ndi unyolo. Utsi unkatuluka panyumba ziwiri zokha. Kunkanunkha mbuzi. Kuseri kwa nyumba imene Sandu analoza kunali kachimbudzi kamatabwa, kopendekeka kuposa ka a Zamfira.

M'khola munatuluka mkazi wovala nsapato zamphira zodzaza ndowe, ndowa ya mkaka ili m'manja. Ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndimuzindikire. Anali Mirela, uja ankabwera kwathu zikhadabo zili zofiira. Atationa anatsitsa ndowa pang'onopang'ono, n'kubwera kudzapsompsona dzanja la apongozi ake.

"Amayi. Mwabwera bwanji kuno?"

A Zamfira anayang'ana nsapatozo, anayang'ana khola, anayang'ana kachimbudzi kaja.

"Mirela, suja unati sungakhale kumudzi?"

"Ine? Ndinanena liti?"

"Kuti matope sungawathe. Kuti udzabwera Nucani ikadzakhala tauni."

Mirela anatembenukira kukhola n'kuitana motsitsa, "Viorel. Tuluka. Amayi ako abwera."

Panapita kanthawi. Munthu amene anatulukayo anali wowonda, wandevu, atasenza mtolo wa udzu paphewa lamanzere. Ataona amake, mtolo unagwa. Apo ndi pamene ndinaona mkono wa malaya ake wakumanja. Unali wopindidwa pamwamba pa chigongono n'kumangidwa ndi phini. M'munsi mwake munalibe kanthu.

Sandu anavula chipewa n'kupita kuseri kwa minibasi. Botolo la kabichi lija a Zamfira analiika pansi bwinobwino, ngati lingasweke ndi mpweya, n'kuyenda kupita kwa mwana wawo. Sanalire. Anamasula phini ija, anafunyulula malaya, n'kuyang'ana pamene mkono unathera. Anagwirapo ndi zala ziwiri.

"Kukazizira pamapweteka?"

"Pamapweteka, amayi."

"Zinachitika liti?"

"Chaka chija sindinabwere."

Zotsalazo anafotokoza ndi Mirela tili m'nyumba, Viorel atazolika. Ku Torino anakhalakodi poyamba, m'chipinda chimodzi ndi mabanja ena. Kenaka Viorel anapeza ntchito pamalo ena ocheka matabwa, wopanda mapepala omuloleza kugwira ntchito. Makina anamugwira malaya n'kumudula mkono. Mwini malowo anamusiya pageti la chipatala n'kumuuza kuti akanene kuti wavulala akudula nkhuni kwawo. Galimoto ija anaigulitsa. Nkhalamba ina ya m'kamudzika, ana ake onse atathawira mumzinda, inawapatsa nyumba kuti aziiwetera mbuzi.

"Ndinamupempha, amayi," anatero Mirela. "Ndinamugwadira kuti tiyeni kwanu, kuli nyumba, kuli munda. Iye akuti ukawauza amayi ndidziponya m'chigwa. Ndinkadziwa kuti akukubisirani za mkono. Koma zoti akunamizira ine, ndikuzimva lero."

"Ndikanabwera bwanji?" anatero Viorel osadzutsa mutu. "Ndinachoka ndikuuza aliyense kuti ndidzamanga nyumba yosanja. Ndibwerere ndi mkono umodzi, a Toader azindigulira kachasu wachisoni?"

"Ndiye unati tauni," anatero amake.

"Ndinasankha chinthu chimene ndinkadziwa kuti sichingachitike. Ndani akanaganiza? Nucani? Mutandiuza pafoni kuti voti yadutsa, ndinakhala pansi pamsewu. Ndimayesa ndi a Haralambie ndi misala yawo."

Ine ndinalephera kudzigwira. "A Haralambie akanagwa tsiku loyamba lomwelo. Ndi amayi akowa anayenda khomo ndi khomo nyengo yonse yozizira. Lero anthu sawapatsa moni chifukwa cha msonkho."

Viorel anadzutsa mutu n'kuyang'ana amake ngati akuwaona koyamba.

"Inu, amayi? Munalankhula pagulu?"

"Ndinalankhula." A Zamfira anakonza mpango wawo. "Atsekwe ndinapha onse. Ng'ombe ndinagulitsa."

Mwamuna wamkulu uja anaphimba nkhope ndi dzanja lake limodzilo n'kulira ngati mwana. A Zamfira anamusiya alire. Anatembenukira kwa mpongozi wawo, n'kugwira manja ake aja osweka ndi chisanu.

"Mwana wanga, ndakhala ndikukutukwana mumtima nthawi yonseyi. Ndinkati unandilanda mwana chifukwa cha kunyada. Undikhululukire."

"Palibe mlandu, amayi."

"Mlandu ulipo, koma si wako." Anaimirira n'kuvula jasi. "Mkaka uja wausiya panja, amphaka amwa."

Ine ndi Sandu tinayamba kutsika phiri lija. Tili pafupi kufika m'munsi ndinamufunsa ngati ankadziwa. Anati ankangokayikira, chifukwa mwamuna amene amatuma mkazi wake kudzasenza thumba la mbatata ndiye kuti ali ndi chifukwa.

A Zamfira anakhala kuphiri kuja nyengo yonse yozizira, akukama mbuzi ndi kukangana ndi nkhalamba ya Chitaliyana ija m'zinenero ziwiri zosamvana. Chipale chitasungunuka anabwerera ku Nucani onse atatu. Ine ndinali nditabwera kudzadya Pasaka, ndipo ndinali pamalo okwerera minibasi pamene ankatsika. Anthu anali ambiri tsiku limenelo. A Toader anali atatsegula kale pakamwa kuti anene zawo zija, koma Viorel atatsika, iwo n'kuona mkono uja, anazisiya. Viorel ankafuna kubisa mbali yakumanja kuseri kwa chitseko, koma amake anamugwira pamalaya opindidwawo n'kuyenda naye pakati pa msewu, akupereka moni kwa aliyense pomutchula dzina. A Toader ananyamula masutikesi awiri n'kumawatsatira pambuyo mpaka kunyumba.

Nkhani yonse inamveka, monga nkhani zimamvekera. Ena anakwiya kuti akulipira msonkho wa tauni chifukwa cha bodza la munthu mmodzi. Ena anati bodza kapena ayi, zimene mayiwa ananena kuholo zinali zoona, chifukwa ana awonso anali kunja. Viorel anavutika chaka choyamba. Ankamwa, ndipo kawiri konse Mirela analongedza katundu. Pambuyo pake khonsolo itamanga msika wa denga, anamulemba ntchito yoyang'anira pageti, ndipo pakamwa pake paja panabwerera. Mirela analowa ntchito pamalo ophikira buledi. Anabereka mwana wamkazi, Ilinca.

Za a Meya zija zina zinabwera, zina ayi. Ambulansi tili nayo, sekondale tili nayo. Fakitale sinabwere, ndipo ana ambiri a ku Nucani adakali kunja. Choipa kwambiri chinadziwika mochedwa: thandizo lochokera ku Ulaya lokonzera misewu ndi mipope linkapita kumidzi, ife a tauni n'kumatidumpha. Midzi yoyandikana nafe inayala phula mpaka kumakola, ife tikupondabe matope m'tinjira tam'mbali.

Choncho patapita zaka anthu anayamba kunena zoti pachitike voti ina, tibwerere kukhala mudzi. Amene ankatsogolera anali a Toader, atakalamba, akuyendera ndodo. Tsiku lina ndinawaona ataima pageti la a Zamfira, chipewa chili m'manja.

"Mayi a Viorel, anthu amakumverani inu. Munatilowetsa ndinu, titulutseninso."

A Zamfira anawalowetsa, anawakhazika pansi pa mtengo wa mpesa, n'kuwathirira kapu ya kachasu.

"A Toader, maondo anga anathera m'makomo muja. Ndipo ine ndinkayendera mwana, sindinkayendera tauni. Kafunseni amene ana awo sanabwere, ndiwo akudziwa chimene akufuna."

"Ndiye inu muvotera mbali iti?"

"Imwani, ntchentche zingagweremo."

Tsiku la votiyo kunagwa mvula yamphamvu, anthu anapita ochepa kwambiri, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo, Nucani n'kukhalabe tauni. A Zamfira nawo sanapite. Ilinca anali ndi chifuwa, ndipo Mirela anali kuntchito.